Tsiku Limene Apongozi Anandilankhula Kuseri kwa Boneti

Nkhani iyi ndakhala ndikuwabisira aphunzitsi anzanga ku Sinda, chifukwa iwo amanditenga ngati katswiri wa magalimoto. Mbiri imeneyi ndinaipeza popanda thukuta. Pasukulu pathu wokhala ndi galimoto ndine ndekha, ndipo ikakana kulira ndimatsegula boneti, n'kugwira m'chiuno, n'kumapukusa mutu mpaka patabwera anthu oti akankhe. Koma pali tsiku lina limene ndinatsala pang'ono kuiotcha galimotoyo, apongozi anga aamuna ali m'kati. Ndikalikumbukira ndimayamba ndi kuseka, kenako ndimangopezeka ndakhala chete.

Ndinakwatira ku Vubwi, m'mudzi wa kufupi ndi malire. Apongozi aamuna, aMbewe, ndi mkulu wa mpingo, munthu wa nthabwala komanso wa mawu aakulu, woti akayambitsa nyimbo m'tchalitchi ochedwa amathamanga ali kutsidya kwa dambo. Maso awo onse awiri anachita ng'ala, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi akuyenda mogwiridwa dzanja. Ankangosiyanitsa usana ndi usiku basi.

Apongozi aakazi, aNabanda, sindinganene kuti ndinkawadziwa. Kumeneko mwambo wa chipongozi ukadali wamoyo. Mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana kumaso, sakhala pamphasa imodzi, ndipo salankhulana okha popanda wina pakati. Tikakumana m'njira mmodzi amapatukira m'tchire (kawirikawiri wopatukayo ndinali ine, ndipo chitedze cha ku Vubwi chimandidziwa bwino). Pa zaka zisanu ndi zinayi za ukwati wanga, chimene ndinkadziwa cha mayiwo ndi mapazi awo ndi m'mphepete mwa chitenje chawo. Ndinkawalemekeza kwambiri, koma mumtima ndinkangowawerengera pamodzi ndi amayi onse a kumudzi, odziwa khasu, lichero ndi thonje.

Tsono kunabwera uthenga woti madokotala a maso afika ku chipatala cha mishoni ku Katete, ndipo akhalako sabata imodzi yokha. AMbewe anali atapimidwa kale ku kiliniki, n'kupatsidwa kapepala. Tsiku lawo linali Lachisanu, lomwe linali lomaliza, ndipo kapepalako kankanena kuti afike isanakwane 12 koloko masana. Wochedwa ankayenera kudikira ulendo wina wa madokotalawo, womwe palibe ankadziwa kuti udzakhalako liti. Mkazi wanga anali ndi khanda la masabata awiri, sakanatha kuyenda. Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti nkhaniyo aisiye m'manja mwanga, poti galimoto ilipo ndipo woyendetsa wake ndi wodziwa.

Ndinakagona kumudziko Lachinayi, ndipo tinanyamuka dzuwa likungotuluka. Kakhalidwe ka m'galimoto kanafuna nzeru. AMbewe anakhala kutsogolo pambali panga. ANabanda anakhala kumbuyo kwenikweni kwa mpando wanga, pomwe diso langa silikanafika ngakhale mwangozi, ndipo galasi loonera kumbuyo ndinalipotozera kudenga. Pambali pawo panali thumba la mtedza ndi mtolo wa zofunda womangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Ulendo unayamba bwino, aMbewe akuimba, ine ndikuwafotokozera mmene injini imagwirira ntchito (zambiri mwa zomwe ndinanena ndinkazipeka pomwepo).

Tisanafike ku Chadiza pali chigawo cha msewu wafumbi chomwe chili ndi mizere ngati malata, choti ukadutsapo mano amagundana. Titangochimaliza galimoto inatsokomola kawiri, inayenda pang'ono yokha, n'kuima pakati pa minda ya thonje yokololedwa kale. Ndinapotoza kiyi. Injini inkazungulira bwinobwino koma osagwira. Ndinapotozanso, chimodzimodzi. Petulo anali wodzaza theka. Nthawi inali itangopitirira 8 koloko, ndipo foni yanga inali itagwira netiweki ya dziko lina, yomwe inandilandira ndi uthenga wa ulemu koma osandilola kuimba. Msewu unali zii, popanda ngakhale njinga yamoto.

"Yatopa, aphunzitsi?" anafunsa aMbewe.

"Ndi kanthu kakang'ono, atate. Mphindi zisanu zokha."

ANabanda anatsika mwakachetechete n'kukakhala pansi pa mtengo wa msuku, atafulatira galimoto, kuti mkamwini agwire ntchito momasuka. Ine ndinatsegula boneti, ndinagwira m'chiuno, ndinapukusa mutu. Apa ndi pomwe panathera maphunziro anga onse a zamagalimoto, ndipo woti akankhe panalibe.

Kenako ndinakumbukira zomwe ndinaona tsiku lina pa siteshoni ya minibasi ku Katete. Minibasi inakana kulira, kondakitala n'kuuza dalaivala wake kuti, "Iyi ni fyuzi chabe, mudala, osavutika." Anagwada pansi pa chiwongolero, anazula kanthu kapulasitiki, anakakulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kukabwezera. Minibasi inalira, tonse tinakwera. Ndinaona ndi maso angawa, choncho ndinadziwerengera kuti ndinaphunzira.

Ndinagwada nanenso pansi pa chiwongolero, ndipo ndinakapezadi kabokosi. Ndinachotsa chivundikiro chake n'kuchiponya pamsewu osachiyang'ana n'komwe. M'katimo munali mafyuzi ambiri, timitu tawo tili ndandanda, tofiira, tabuluu, tachikasu ndi tobiriwira. Fyuzi, kwa amene simunaionepo, ndi kapulasitiki kokhala ndi miyendo iwiri yachitsulo, ndipo m'kati mwake muli kawaya kopyapyala komwe kamaduka magetsi akachuluka, kuti mawaya enieni a galimoto asapse. Izi ndikuzinena lero. Tsiku limenelo ndinkangodziwa kuti imodzi mwa izo ndiyo mfiti.

Apa ndi pomwe uphunzitsi unandipweteka. Munthu wina aliyense akanazula imodzi, kuiyang'ana, n'kuibwezera pamalo pake asanazule ina. Ine ndine wa kalasi ya ana aang'ono, ndipo zinthu zosokonekera mitundu zimandipweteka mutu. Ndinayala mpango wanga pampando, ndinazula mafyuzi onse, n'kuwasanja bwinobwino, ofiira paokha, abuluu paokha, achikasu paokha, obiriwira paokha. Zinaoneka zokongola kwambiri moti ndinamva chisoni kuti aMbewe sangaone. Kuti iliyonse inachokera pabowo liti, funso limenelo linali lisanandifikire. Kiyi nayenso anali akadali potembenuza, timagetsi ta kutsogolo tikuyaka mpaka pomwe ndinazula fyuzi yake.

Mwa abuluu aja ndinapezamo imodzi yakuda m'kati, kawaya kake kataduka. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama.

"Ndaigwira, atate. Ndi fyuzi."

"Ambuye alemekezeke. Muli nayo ina?"

"Sipafunika ina. Pali njira yake."

Vuto linali kapepala konyezimira, poti m'galimoto ya mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi simupezeka fodya. Ndinapempha aMbewe kapepala ka mapiritsi awo a mutu, ndinasenda kachitsulo kopyapyala ka kumbuyo kwake, n'kukulunga miyendo ya fyuzi yakupsa ija mokhuthala, kuti isadukenso. Bowo lake lokha ndinalikumbukira, chifukwa linali lakumapeto ndipo linali lodera pang'ono. Ena onse ndinawabwezera mongoganizira, ndikutsata kukongola kwa mitundu. Pomaliza ndinalowetsa yokulunga ija.

Poyamba sipanachitike kanthu. Ndinali ndikupukuta m'manja pamene aMbewe anakweza mphuno.

"Aphunzitsi, pali akuotcha mapepala a pulasitiki pafupi pano?"

Ndinadzutsa mutu. Kuseri kwa wailesi kunkatuluka utsi, woyamba woonda ngati ulusi, kenako wochindikala, wonunkha moti m'maso munayamba kuwawa. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinazimitsa kiyi, kapena kuti ndinakoka apongozi anga osaona kuwatulutsa. Zoona zake n'zakuti miyendo yanga inaganiza mofulumira kuposa mutu. Ndinazindikira ndili m'munda wa thonje, mizere isanu kuchokera pamsewu, aMbewe ali m'galimoto atamangidwa lamba, akupapasa chitseko.

Chomwe ndinaona ndi chitenje chikudutsa. Mwachizolowezi maso anga anagwa pansi, choncho zotsatirazo ndinazimva ndi makutu okha. Kiyi anatembenuka. Kenako panamveka kanthu kakugwa pamsewu, ndipo nditasuzumira m'mphepete ndinaona fyuzi yanga ija ili m'fumbi, itasungunuka mbali imodzi, ikufuka. Lamba anamasulidwa, chitseko chinatseguka, ndipo mapazi anayi anapita pansi pa msuku. Zonsezi sizinathe ngakhale mphindi imodzi, ndipo palibe anakuwa.

Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze. Ndinabwerera pamsewu ndikuyenda ngati ndaponda minga, n'kuima kumbali ina ya galimoto nditafulatira mtengo. AMbewe anakhazikidwa pathumba la mtedza lija, litatsitsidwa m'galimoto, pakati pa ife awiri. Kenako ndinamva mawu a aNabanda, otsika, osanjenjemera, akulankhula ndi amuna awo.

"AMbewe, auzeni aphunzitsi atenge sipanala ya teni, amasule waya wakuda ku batire, wa chizindikiro cha kuchotsera. Asayambe ndi wofiira, sipanala ikagunda chitsulo ithetheka moto."

"Aphunzitsi," anatero aMbewe ndi mawu a paguwa, "akuti sipanala ya teni, waya wakuda, wofiira musakhudze. Ndiponso akuti musathawenso."

"Zomalizazo sindinanene," anatero aNabanda.

"Akuti zomalizazo ndanena ndine."

Mawu oti sipanala ya teni, otuluka pakamwa pa mayi amene ndinkaganiza kuti chitsulo chomwe amachidziwa ndi khasu, anandiimitsa mutu. Komabe ndinamvera. Kachikwama ka zitsulo komwe ndinagula pamodzi ndi galimoto ndinakatsegula koyamba tsiku limenelo, ndipo sipanala ya teni inalimodi. Nditamasula waya uja, uthenga wina unabwera kudzera pathumba la mtedza, woti nditole chivundikiro chomwe ndinataya, ndichiike pamwala, kenako ndikaime uko ndiziyang'ana kumapiri.

Ndinaimadi, koma dzuwa la m'mawa linandichitira chifundo. Linali kumbuyo kwathu, ndipo chithunzithunzi cha aNabanda chinkagwa pamsewu chapafupi ndi mapazi anga. Mwambo umaletsa kuyang'ana munthu, sunenapo kanthu za chithunzithunzi chake. Ndinachiona chikutola chivundikiro n'kuchitembenuza.

"Auzeni kuti mapu a mafyuzi ali kuseri kwa chivundikirochi. Bowo lililonse lili ndi nambala yake ndi ntchito yake, ndipo nambala yomweyo ili pamsana pa fyuzi. Muno mulinso mafyuzi atatu apadera ndi kopanira kozulira."

Galimoto imeneyo ndinali nditakhala nayo zaka zinayi. Ndimaphunzitsa ana kuwerenga, ndipo ndimawakalipira akayankha funso asanawerenge malangizo. Akulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Chithunzithunzi chija chinagwada pachitseko cha dalaivala. Chinkazula fyuzi imodzi, kuikweza kudzuwa, kuitembenuza, kuyang'ana pachivundikiro, n'kuilowetsa pamalo pake. Kenako ina. Sichinkafulumira, sichinkazengereza. Ndinayang'ana wotchi, inali 9 koloko, ndipo mtima wanga unali m'mwamba, koma manja a pamsewuwo ankagwira ntchito ngati akusankha mbewu ya mtedza. Nthawi ndi nthawi pankabwera mawu, aMbewe n'kuwapatsira kwa ine atathirako mchere wawo.

"Auzeni kuti pabowo la teni anaikapo fyuzi ya sate, yoposa katatu. Fyuzi yaikulu pamalo pa yaing'ono siteteza kanthu, waya ndi amene amapsa m'malo mwake."

"Akuti munalemba mlonda wogona."

"Auzeninso kuti yakupsa ija ndi ya wailesi ndi potchajira foni, siikhudzana ndi kulira kwa injini. Afunseni ngati wailesi imalira."

Wailesi inali itasiya kulira chaka chatha, ndipo ine ndinkauza anthu kuti ndimakonda kuyendetsa mwakachetechete. Ndinavomera chapansipansi.

"Ndiye kuti inapsa kalekale, ndipo inapsa ndi chifukwa. Fyuzi siipsa yokha. Kuseri kuno kuli waya wosupuka amene akukhudza chitsulo. Ukaikapo chitsulo chosaduka, moto umapita kukafuna pena potulukira."

Ndinamva mphira ya pamtolo wa zofunda ikumasulidwa ndi kung'ambidwa. Anakulunga nayo waya wopserera uja, n'kumukhotetsera kutali ndi chitsulo, ndipo bowo la fyuzi imeneyo analisiya lopanda kanthu, ati mpaka waya adzakonzedwe ndi wodziwa. Pamene ankachita zimenezi ndinalephera kupirira. Ndinasendera kwa aMbewe n'kunong'ona kuti, "Atate, amayi zimenezi anazidziwira kuti?"

AMbewe sadziwa kunong'ona. "Simudziwa? Kale ndinali mlonda ku Chipata, zaka khumi ndi ziwiri. Awa ankagulitsa tiyi ndi zitumbuwa pakhomo pa galaja ya mkulu wina wokonza magetsi a motoka. Mkuluyo manja ankanjenjemera, maso nawonso anali atayamba kufooka. Ndiye ankati, aNabanda, tandiwerengereni nambala iyi. Mawa, aNabanda, zala zanu n'zoonda, talowetsani waya uyu. Pomaliza madalaivala ankabwera kudzamwa tiyi, motoka n'kuchira pomwepo. Mwana wathu sanakuuzeni?"

Mkazi wanga anandiuzapo kuti amayi ake anagulitsako zitumbuwa ku Chipata. Ine sindinafunse zambiri, poti ndinkaona ngati nkhani ya zitumbuwa imathera pa zitumbuwa.

Mafyuzi atabwerera m'malo mwake ndinalamulidwa kubwezera waya wa batire ndi kumumanga zolimba. Ndinaganiza kuti basi tanyamuka. Ndinakhala pampando, ndinapotoza kiyi, injini inazungulira osagwira, monga poyamba paja. Ntchito yonse ija inali yongokonza zomwe ndinawononga ine, matenda enieni anali asanakhudzidwe. Inali hafu pasiti naini. Ndinayang'ana aMbewe ali pathumba paja, kapepala ka chipatala ali nako m'manja, akukasisita ndi chala ngati akukawerenga. Nthabwala zinali zitawathera. Apa mantha anandigwira enieni, oti munthuyu akhala mumdima chaka china, kapena mpaka imfa, chifukwa cha ola lomwe ndinataya ndikusanja mitundu.

ANabanda anawadzutsa amuna awo n'kuwatsogolera kumbuyo kwa galimoto. Anatsegula pothirira petulo n'kuwagwiritsa khutu pamenepo.

"Inu makutu anu ndi akuthwa. Aphunzitsi akapotoza kiyi, pampu ya petulo iyenera kulira m'thankimo kanthawi kochepa, ngati udzudzu. Mumvetsere."

Ndinapotoza kiyi kamodzi.

"Mulibe udzudzu muno," anatero aMbewe.

Mapazi anadutsa pambali panga kupita kutsogolo. Boneti inali yotsegula, itaima pakati pa ine ndi iwo ngati khoma, moti kuchokera pampando wanga ndinkangoona chitsulo chake. Ndinamva kabokosi kena kakutsegulidwa pafupi ndi batire (sindinkadziwa n'komwe kuti mabokosiwa ndi awiri). Kenako kunabwera mawu.

"Aphunzitsi."

Ndinadikira kuti aMbewe abwereze. Sanabwereze, anali kutali kumbuyo, khutu lili pathanki.

"Aphunzitsi, boneti yatitchinga, palibe akuona mnzake. Nthawi yatha. Mundimvere ine."

Zaka zisanu ndi zinayi, ndipo aka kanali koyamba kuti mawu amenewa alunjike kwa ine. Ndinapezeka ndavula chipewa ndili m'galimoto.

"Wawa, amayi."

"Muno muli marileyi, timabokosi takuda iti. Rileyi ili ngati munthu wotsegula chipata. Kiyi amangoitsina ndi magetsi ochepa, iyo n'kutsegulira magetsi ambiri opita ku pampu. Ikamagwira ntchito imamveka kuti tha. Ndaika chala pa ya pampu. Potozani kiyi kamodzi, magetsi ayake, injini musailize."

Ndinapotoza.

"Zimitsani. Potozaninso." Panapita kanthawi. "Yafa. Msewu wa malata uja waimaliza. Tsopano imbani hutala."

Ndinadina, hutala inalira mpaka mbuzi zina zinadzidzimuka m'munda.

"Zimitsani kiyi, mumuzule, mumuike pamwendo."

Ndinachita zomwezo. Iwo anapitiriza kulankhula, koma tsopano ngati akudzilankhulira okha, kapena ngati akubwereza mawu a mkulu wa ku galaja uja. Anati rileyi ya hutala ndi ya pampu ndi mapasa, koma munthu asakhulupirire nkhope yokha. Anawerenga nambala za pamsana pa zonse ziwiri mokweza, zinafanana. Anawerenga miyendo, inayi uku, inayi uku, yoima mofanana. Anati ikanasiyana ngakhale mwendo umodzi sakanayesa. Ndinamva kugwedeza pang'onopang'ono, kenako kudina kawiri.

"Bwezerani kiyi. Kamodzi kokha."

Ndinapotoza, ndipo nanenso ndinamva kuti tha, kakang'ono, kuchokera kuseri kwa boneti. Kumbuyo aMbewe anakuwa ndi mawu awo onse a m'tchalitchi: "Udzudzu! Udzudzu walira!"

"Lizani," anatero aNabanda.

Injini inagwira ulendo woyamba. Ndinakhala ndikugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, pakamwa pali yasa. Ndaonapo anthu ophunzira akulankhula pamisonkhano, ndaonapo madokotala ndi oyang'anira sukulu, koma sindinaonepo munthu akugwira ntchito mwaukhondo chotero. Sanayese chinthu mwamwayi ngakhale chimodzi. Anafunsa galimoto mafunso motsatana, iyo n'kumayankha, mpaka inaulula yokha pomwe pankapweteka. Anandiuza ndidinenso hutala, ndipo sinalire, kutsimikiza kuti rileyi yomwe anaisamutsira kumeneko inali yakufadi.

Ndinkafuna kunena kanthu boneti isanatsike. Ndinatsegula pakamwa, mawu oyenera ndikuwafunafuna, koma boneti inatsekedwa, maso anga anagwa pansi, ndipo mapazi aja anadutsa kukatenga amuna awo. Atakhala kumbuyo kwanga ndinamva akuti, "AMbewe, auzeni aphunzitsi kuti tilibe hutala, ayende mosamala."

Kuyenda mosamala ndi kufulumira n'zinthu zosamvana, makamaka nyengo yogulitsa thonje, pomwe msewu umadzaza ngolo, njinga zosenza mabelo, mbuzi ndi nkhumba. AMbewe ndi amene anapeza njira. Anatsitsa galasi, anatulutsa mutu, n'kundiuza kuti ndikaona chinthu kutsogolo ndiziwagunda pabondo. Ndikagunda kamodzi ankakuwa kuti, "Odi!" Ndikagunda kawiri, "Odi, odi, tili ndi odwala!" Ng'ombe zinkapatuka, apanjinga ankagwera m'mbali, ndipo pa Chadiza amayi ena ogulitsa tomato anayankha kuti, "Odini!" Kumbuyo kwanga ndinamva kaphokoso kachilendo, ndipo panapita nthawi ndisanazindikire kuti apongozi anga aakazi akuseka atatseka pakamwa ndi chitenje.

Tinalowa pachipata cha chipatala kutatsala mphindi zosakwana khumi ndi zisanu. Namwino anali atayamba kale kusonkhanitsa mapepala ake. Anayang'ana kapepala ka aMbewe, anayang'ana wotchi, anayang'ana fumbi lomwe linali pankhope zathu.

"Mwachokera ku Vubwi lero lomwe? Bwerani, atate, ndimwe a lasiti. Manje tinali kutseka."

Anawachita diso limodzi masana omwewo, lina anati lidzaonedwa mtsogolo. Ine ndinakagona kwa mnzanga m'tauni, aNabanda anagona kumalo a odikirira odwala. M'mawa mwake ndinafika pa nthawi yomasula bandeji, nditavala tayi kuti ndioneke ngati munthu. ANabanda anali atakhala pambali pa bedi, choncho ine ndinaima pakhomo la wodi, maso ali pa simenti, ndikungoba pang'ono kuyang'ana kubedi.

Namwino anamasula pang'onopang'ono. AMbewe anaphethira, misozi inatsika, anaphethiranso. Anayang'ana zenera, anayang'ana bulangete, anakweza dzanja lawo n'kulitembenuza. Kenako anatembenukira kwa akazi awo n'kuwayang'anitsitsa.

"ANabanda, mwachita imvi."

"Zinayamba kale, inu ndi amene munachedwa kuona."

Anaseka onse awiri. AMbewe anatenga dzanja la akazi awo kuti alione bwino, ndipo kuseka kunaima.

"Nanga zala izi mwatani?"

Apa ndinaphwanya mwambo pang'ono, ndinayang'ana dzanjalo. Pa chala chachikulu ndi cholozera panali matuza awiri aakulu, otuwa, limodzi litaphulika kale. Ndi zala zomwe anazulira fyuzi yanga yosungunuka ija. Ndi zala zomwezo anasankhira mafyuzi onse, anang'ambira mphira, anasinthira marileyi, osatulutsa ngakhale liwu limodzi lodandaula. Ine amene ndinali ndi maso awiri abwino tsiku lonse sindinaone kanthu. Anayamba kuona ndi munthu amene diso lake linali ndi mphindi zisanu zokha.

"Ndinapsa ndi mphika dzulo madzulo," anatero aNabanda, akubweza dzanja m'chitenje.

AMbewe sanakhulupirire. Fungo la utsi uja analimva asanalimve wina aliyense, ndipo si munthu wopusa. Anatembenuza diso lawo latsopanolo kuloza kukhomo, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mphika wake ndauona," anatero. "Wavala tayi."

Odwala a mabedi oyandikana anaseka osadziwa nkhani. Nanenso ndinayesa kuseka, koma zinakanika. Mayi amene ndinawaotcha zala anali atangonama pamaso pa amuna awo, mkulu wa mpingo, pofuna kundisungira ulemu womwe sindinaugwirire ntchito, ndipo mwambo sunkandilola ngakhale kugwada patsogolo pawo n'kupepesa. Ndinapempha aMbewe kuti awauze amayi kuti ndathokoza ndiponso ndalakwa. Kwa nthawi yoyamba uthengawo anaupereka monga momwe unalili, osathirako kanthu.

Ndinatuluka n'kukakhala m'galimoto, ndipo ndisakubisireni, ndinalira pang'ono. Nditapukuta m'maso ndinazula kiyi n'kumuika pamwendo. Kenako ndinagwada pansi pa chiwongolero, ndinachotsa chivundikiro chija, ndinachitembenuza, n'kuyamba kuwerenga bowo limodzi limodzi, ndikuloza ndi chala monga amachitira ana anga a giredi wani.